Makalata Asanu ndi Awiri Ochokera ku Lifuwu

Owerenga, tayesani kuyankha funso ili tisanapite patali. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala m'chaka cha 1995, Fletcher Kachiwanda, mphunzitsi wa ku Chipoka, analandira makalata asanu ndi awiri ochokera ku Lifuwu. Onse anali a m'Chingerezi chosalala, ndipo m'munsi mwa kalata iliyonse munali dzina la Raisa, mtsikana amene iye ankafuna kumukwatira. Komatu Raisayo sanalembeko ngakhale imodzi. Kodi inu mukuganiza kuti ankalemba ndani?

* * *

Fletcher anali mmodzi mwa anyamata amene analembedwa uphunzitsi mwachangu boma litathetsa fizi ku pulayimale. Anawaphunzitsa milungu yowerengeka chabe, n'kuwapatsa choko. Ku Chipoka ankamutcha Ticha, ndipo tayi sankaichotsa m'khosi ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Chimene sankauza munthu ndi chakuti mayeso a Folomu 4 analephera, ndipo phunziro limene linamugwetsa linali Chingerezi chomwecho chimene ankaphunzitsa ana a Sitandade 8. Chodalira chake chinali kabuku kopanda chikuto kamene anagula pamsika wa Salima.

Raisa anakumana naye pa depoti ya mabasi ku Salima komweko. Mtsikanayo anali atafunda mpango wobiriwira kumutu, ndipo thumba lake la mpunga wa faya linali litang'ambika pakona. Fletcher ananjuta pansi n'kuyamba kuwola mpungawo ndi manja, uku akulankhula Chingerezi mokweza kuti anthu amve. Raisa ankangoyankha kuti "Yes", nthawi zina "Thank you", maso ali pansi. Mnyamatayo anaganiza kuti ameneyu ndi mtsikana wophunzira koma wodzichepetsa. Atamufunsa kumene angatumize kalata, Raisa anazengereza pang'ono, kenako anatchula bokosi la makalata la ku sikimu ya mpunga ya ku Lifuwu.

* * *

M'kabuku kaja munali tsamba la zining'a za Chingerezi zokhala ndi manambala, zondandalikidwa kuyambira pa wani kumapita m'tsogolo. Fletcher ataliona tsambalo mtima wake unadumpha. Anakonza zoti kalata iliyonse izikhala ndi nambala yakeyake, ndipo akadzafika pa teni adzatumize akwawo kukafunsira mbeta.

M'kalata yoyamba anamuuza Raisa kuti ndi "one in a million", kutanthauza munthu wosowa, woti ungafunefune dziko lonse osamupeza. M'yachiwiri anati kukongola kwake ndi "second to none", kosaposedwa ndi wina aliyense. Yachitatu sinavute. Pa folo ndi pamene anatuluka thukuta, chifukwa m'kabukumo munali chining'a chimodzi chokha, "on all fours", chonena za kuyenda chokwawa ngati khanda. Anaganiza masiku awiri athunthu. Pomaliza analemba kuti Raisa akadzamukana, iye adzachoka ku Chipoka chokwawa mpaka kukafika ku Lifuwu, ndipo sadzadzuka mpaka mtsikanayo atamupsompsona pamphumi. Atawerenganso anaona kuti zakhala bwino kwabasi.

Mayankho ankabwera pakatha milungu itatu. Zilembo zake zinali zopendekeka mofanana, za munthu amene anaphunzira kulemba ndodo ili pambali. Wolembayo sanachedwe kuzindikira masewera a manambalawo, ndipo anayamba kubwezera. Poyankha kalata yachinayi anati maondo awasunge, adzagwira ntchito tsiku logwadira akuluakulu. Kenako anafunsa ngati chikondi chakecho sichinali "a nine days' wonder".

Chining'a chimenechi m'kabuku ka Fletcher munalibe. Anadikira kuti a hedimasitala apite kukadya, n'kulowa mu ofesi monyang'ama kukatsegula dikishonale. Anapeza kuti ndi chinthu chimene anthu amatengeka nacho masiku ochepa kenako n'kuchiiwala. Anatuluka mu ofesimo makutu akutentha.

Kuyambira tsiku limenelo chimwemwe chake chinasakanikirana ndi manyazi. Ankaona kuti akufunsira mtsikana womuposa sukulu, ndipo tsiku lina Raisa adzangotsegula pakamwa n'kumuvula tayi anthu akuona.

* * *

Mu Ogasiti anapita ku Lifuwu kukamuona. Njira yonse ali pa matola ankaloweza ziganizo za Chingerezi, koma atamuona Raisa akumudikira m'mbali mwa ngalande yothirira mpunga, zonse zinauluka. Anangoti, "Muli bwanji?" Mtsikanayo anayankha msangamsanga m'Chichewa chomwecho, ngati munthu amene wamutula katundu pamutu.

Anakhala pakamlatho ka ngalande n'kucheza nthawi yaitali. Raisa anamuuza za bambo ake amene anamwalira iye ali wamng'ono, ndi za ng'ona imene inalowa m'munda wa anthu oyandikana nawo chaka chatha, mwini munda n'kuthawa kusiya chitenje pa chitsa. Fletcher anaseka mpaka kugwira nthiti. Anadabwa kuti mtsikana wa makalata olemera aja anali wanthabwala chotere. Koma atangoyamba kuti, "Kalata yako ija," Raisa anakoka mpango kuphimba pakamwa.

"Za m'makalata zizikhala m'makalata momwemo, aphunzitsi," anatero.

Fletcher anavomera mwachangu, chifukwa nayenso zinamukomera.

Kenako Raisa anafika pa nkhani yovuta. Malume ake, a Sidiki, amene anali ndi mawu pa ukwati wake, ankafuna kuti akwatiwe ndi Ismael, mnyamata wa maboti awiri a injini ku chilumba cha Mbenji, Msilamu mnzawo. Mphunzitsi wachikhristu sankafuna n'kumumva komwe. Fletcher atafunsa za maganizo a mayi ake, Raisa anati iwo amangomvetsera, sananenepo kanthu.

Mawuwo asanathe mtsikanayo anadzidzimuka. "Amayi akubwera."

Kanjira kake kanali kamodzi kokha, pakati pa minda iwiri ya madzi. Fletcher analeredwa bwino, ndipo ankadziwa kuti mwamuna sayang'anizana ndi mayi amene angadzakhale apongozi ake. Analumphira m'munda, nsapato zake zopolisha n'kumira m'matope, ndipo ananjuta atafulatira njira. A Hajara, mayi wamtali wosenza lichero, anaima osamuyang'ana. Anafunsa mwana wawo ngati mlendoyo wayenda bwino. Raisa anafunsa Fletcher, ndipo Fletcher anayankha akuyang'ana madzi. Kenako mayiwo anauza Raisa kuti awuze mlendoyo kuti waponda mbande za eni ake. Atatero anapitirira.

Fletcher anabwerera ku Chipoka masokosi ali m'thumba. Manyazi aja atasanduka mkwiyo, analemba kalata yachisanu ndi chimodzi. Anati mayi ake a Raisa amusiya "at sixes and sevens", wosokonezeka mutu osadziwa chochita. Akanalekera pomwepo zikanakhala bwino, koma cholembera chinamutenga. Anawonjezera kuti Raisa asamamvere kwambiri anthu akale amene sanapondeko m'kalasi, chifukwa zinthu zasintha, ino ndi nthawi ya demokalase.

Yankho lake linali la mizere itatu. Linapereka moni, linanena kuti mwera wavuta panyanja, ndipo linatha. Chining'a munalibemo.

* * *

Tsiku lina masana Fletcher akumwa tiyi mu tiirumu ya pafupi ndi doko, mnyamata wina wa wotchi yaikulu anadzakhala pa benchi yomweyo osaitanidwa. Ankanunkha petulo ndi usipa.

"Ndinu a Ticha a makalata aja? Ine ndine Ismael."

Fletcher anaika kapu pansi. Ismael anafotokoza mosafulumira kuti wabwera kudzagula zitsulo za injini, ndipo anaona kuti n'kupanda ulemu kubwerera osapereka moni kwa munthu amene akulima naye munda umodzi. Anayamikira tayi. Anafunsa ngati aphunzitsi ongogwirizira amaloledwa kukwatira asanakhazikike pa ntchito. Anthu a mu tiirumu anasiya kutafuna masikono.

"Raisa ndakula naye," anapitiriza Ismael. "Ku madrasa tinali limodzi, ku sukulu tinali limodzi. Anasiyira Sitandade 3 bambo ake atamwalira. Dzina lake amalemba, sindikukana. Koma Chizungu chimene mukulandiracho, achimwene, mukufunsira cholembera cha munthu wina."

Fletcher anati imeneyo ndi nsanje, ndipo nsanje ilibe mankhwala. Ismael anavomera kuti nsanje ali nayo ndithu, koma nsanje siichotsa munthu m'kalasi. Anamulangiza kuti akadzapitanso ku Lifuwu adzatenge nyuzipepala, akamupatse mtsikanayo awerenge mzere umodzi wokha. Kenako anadzuka n'kumapita akuimba mluzu.

Masiku otsatirawo Fletcher sankadya bwino. Anatulutsa makalata onse asanu ndi imodzi n'kuwayala pa mphasa. Ngati si Raisa, ndiye ndani? Anaganizira Stanley, kalaliki wa ku sikimu amene ankatsegula bokosi la makalata. Anaganizira Ismael yemweyo. M'maganizo mwake ankaona asodzi a ku Mbenji atazungulira munthu wowerenga mokweza za mphunzitsi wokwawa, ena akuyesezera pamchenga. Munthu akaseka pamsewu, Fletcher ankacheuka. Kalata yachisanu ndi chiwiri, imene anakonza zoti adzanenemo kuti ali mu "seventh heaven", chimwemwe chosaneneka, sanailembe n'komwe.

Koma ya ku Lifuwu inabwera yokha osaiputa. Inati a Sidiki akufuna kumuona Loweruka m'mawa, chifukwa akwawo a Ismael apempha kale tsiku. Inati funso lidzakhala limodzi, loti kodi angalowe Chisilamu chifukwa cha Raisa, ndipo asabwere ali "in two minds", mtima uli pawiri. Mzere womaliza unati munthu amene anawolokapo mtsinje umenewu amadziwa kuti kutsidya kuli anthu abwino, koma bwato lobwererera kulibe.

* * *

A Sidiki anali telala, ndipo anamulandirira pakhonde pambali pa makina awo osokera. Anali munthu wofatsa, wa kofia yoyera ndi mawu otsika, zimene zinamuopsa Fletcher kuposa kukalipa. Kuseri kwa mpanda wa bango kunkamveka munthu akupeta mpunga. Raisa atabweretsa madzi akumwa ananong'ona kuti ndi amayi, ndipo Fletcher anatembenuza kampando kake kuti afulatire mpandawo.

A Sidiki anati amva kuti pakhala pakuyenda mapepala pakati pa Chipoka ndi Lifuwu. Iwo za mapepala sazidziwa, amadziwa munthu wobwera ndi akwawo masana dzuwa likuwala. Anafunsa za makolo ake, za mpingo wake ndi za mudzi wa kwawo. Kenako anafunsa kuti sukulu anafika nayo pati.

"Folomu 4, bambo."

"Munakhoza?"

Lichero la kuseri kwa mpanda linasiya kulira. Fletcher anayang'ana zala zake. "Ndinafika ndithu mpaka kumapeto," anatero.

A Sidiki sanafunsenso. Anatola kansalu pansi n'kukapinda bwinobwino. Anati mwana wa mlongo wawo adzamangitsa ukwati pamaso pa shehe, osati kwina, ndipo zimenezi si chidani ayi, ndi momwe nyumba yawo imayendera. Funso lalikulu sanafune kuti aliyankhe tsiku lomwelo, chifukwa yankho la mwamuna wokhala yekha pakhonde la eni ake limasungunuka akafika kwawo. Anamupatsa milungu iwiri. Abwere ndi ankhoswe ake ndi yankho lake. Akapanda kutero, Insha Allah, akwawo a Ismael adzalandiridwa Lachisanu lotsatira.

* * *

Raisa analoledwa kumuperekeza mpaka pokwerera matola. M'thumba la jekete la Fletcher munali nyuzipepala yopindidwa, monga analangizira Ismael. Anaigwira kawiri, koma dzanja linakana kuitulutsa. Atafika pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa msewu, anaima.

Anayamba ndi zake. Anamuuza kuti Folomu 4 sanakhoze, ndi kuti chinamugwetsa ndi Chingerezi. Anamuuza za kabuku kopanda chikuto, kuti zining'a zonse zija ankakopera pa tsamba limodzi, ndi kuti zimene zinkabwera kuchokera ku Lifuwu ankakazifufuza mobisala mu ofesi ya a hedimasitala. Ankalankhula akuyang'ana nyerere zimene zinkakwera mtengowo.

"Ngati umafuna munthu wophunzira, Raisa, si ine."

Raisa anakhala pa muzu wa mango n'kuphimba nkhope ndi mpango. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo Fletcher sanadziwe ngati akulira kapena akuseka. Zinali zonse ziwiri.

"Miyezi yonseyi ine ndakhala ndikuopa inu," anatero mtsikanayo, "pomwe inu mukuopa ine."

Anavomera kuti Ismael sananame. Tsiku la pa depoti lija mawu a Chingerezi amene ankawadziwa anali awiri omwe aja, ndipo anawagwiritsa ntchito onse. Kalata yoyamba itafika anaisunga m'chikwama masiku asanu, akuiyang'ana ngati chithunzi. Ankaopa kuti akayankha m'Chichewa, mphunzitsi wa tayi adzaona kuti watola mbuli. Ndiye anapita kwa munthu mmodzi yekha amene sakanamuseka. Iye ankanena za mumtima mwake m'Chichewa, winayo n'kumaziveka Chingerezi. Koma mafunso ovuta aja sanali ake ayi, anali a wolembayo.

"Ndi Ismael?"

"Wallahi, si iyeyo."

"Stanley wa ku sikimu?"

Raisa anapukusa mutu. Fletcher anafunsa ngati ndi mwamuna, ndipo atamva kuti ayi, anapumira m'mwamba. Anaganiza kuti ndi mnzake wina wa mtsikanayo, kapena namwino wa pachipatala. Mpaka anayamba kumwetulira. Anafunsa ngati munthuyo anawerenganso kalata yokwawa ija.

"Anawerenga kawiri. Anaseka mpaka misozi, kenako anandiuza kuti mwamuna wodzichepetsa chotere sapezekapezeka. Anayamba kukukondani, aphunzitsi. Anali atakonzeka kukalankhula ndi amalume."

"Anali?"

"Kalata yachisanu ndi chimodzi ija sanandiwerengere yonse. Anafika pakati n'kusiya. Anaipinda, anakaisunga okha, ndipo tsiku lonse sanalankhule ndi munthu. Mpaka lero sindikudziwa kuti munalembamo chiyani."

Matola inali itatulukira patali, ikutukula fumbi.

Raisa anapitiriza motsitsa mawu. Anati zoti Fletcher ankakopera m'buku, munthuyo anazidziwa kuyambira pa kalata yachiwiri, chifukwa mndandanda womwewo anauloweza kalekale ku sukulu ya mishoni, ndipo ankatha kuneneratu chining'a chimene chibwere m'kalata yotsatira. Masiku amenewo dzina lake linali Anna. Anali mtsikana wanzeru wa ku tchalitchi, ndipo mlongo wake Sidiki yekha ndi amene anamutsatira kulowa Chisilamu pamene anakwatiwa ndi msodzi wachisilamu. Abale ena onse anasiya kumupatsa moni mpaka lero. Ku Lifuwu kuno palibe amene anamumvapo akulankhula Chingerezi, chifukwa anachisiya tsiku limene anasiya dzina lija.

"Akuti mukadzabwera ndi ankhoswe anu, yankho lanu musadzapereke kwa amalume okha. Akufuna mudzalinene kwa iwo, maso ndi maso. Akutinso pali mzere wina m'kalata ija umene mudzawamasulire nokha m'Chichewa, ine ndili pomwepo."

Matola inaima, wothandiza dalaivala akuitana anthu a ku Salima. Fletcher sanasunthe. Dzina la wolembayo sanalifunsenso.

Amene analemba makalata onse asanu ndi awiri anali a Hajara, mayi ake a Raisa.